Ndege M'mapira a Esinala

Dzina loti Paison Alufandika anthu ambiri a m'midzi ya kumunsi kwa Nchalo sankalidziwa. Ankangoti "uja wa ndege uja," ndipo wofunsayo ankalozeredwa njira anthu akuseka. Anali bambo wamtali, wowonda, wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi ziwiri, ndipo panalibe munthu amene anamuonapo atakhala pansi mpaka kumaliza kapu ya tiyi. Ankamwa choimirira, akusuzumira kunja. Pamaliro ankasamukasamuka ngati pansi pali linthumbu. Kutchalitchi abusa anachita kumupatsa udindo wolandira anthu pakhomo, poona kuti pabenchi akungosowetsa anzake mtendere. Koma tisamuseke kwambiri, pakuti miyendo imeneyo ili ndi kumene inaphunzira khalidwe lake.

Kwawo kunali kwa Mlolo, tsidya lija la Shire, m'banja la asodzi achisena. Bambo ake ankafuna kuti agwire nkhafi ngati azichimwene ake, koma mnyamatayo bwato linkamuchepera, poti munthu sungayendemo. Atakwana zaka makumi awiri anawoloka n'kukalembedwa ntchito yopalira pa esiteti ya nzimbe. Kapitawo anamuyang'ana sabata imodzi, n'kuona kuti uyu sangamalize mzere asanathamangire kwina, ndipo m'malo momuchotsa anamuponya ku gulu la ogwira mbendera.

Masiku amenewo ndege yopopera mankhwala inalibe maso akeake. Woyendetsa ankadalira anthu awiri, wina kumutu kwa munda, wina kumapeto, aliyense atanyamula nsungwi yaitali yomangirira nsalu yoyera. Ndege ikatembenuka kutali uko, woyendetsa ankalunjika pa mbendera ziwirizo n'kutsika mpaka matayala kutsala pang'ono kupesa nzimbe. Wa mbendera ankayenera kuima nji, chinthu chikubwera molunjika pamphumi pake, kufikira atatsimikiza kuti chagwira mzere. Pamenepo ankagwetsa nsungwi, n'kuthamanga mapazi khumi ndi asanu ndi limodzi chakumbali, n'kuimikanso. Ukachedwa, mankhwala ankakusambitsa thupi lonse. Ukafulumira, mzere unkakhota, ndipo kapitawo ankakutukwanira mpaka agogo ako. Paison anachita zimenezi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, kuyambira kusanache bwino, mphepo isanadzuke. Thupi lake linazolowera kuti pamene waima si pokhalitsa.

Makutu akenso anaphunzira. Ankatha kudziwa ndege isanaoneke kuti lero akuyendetsa ndi uti, ndiponso ngati yadzaza kapena ikubwerera yopanda kanthu. Amene anamutsegula makutuwo anali Pedro, woyendetsa wochokera ku Beira, munthu wanthabwala amene ankalankhula Chisena ngati wakwawo ndipo ankadya nawo mbatata yootcha pamthunzi wa phiko. "Shamwali," ankatero Pedro, "injini ikatsokomola kamodzi, n'chimfine chabe. Ikatsokomola kawiri n'kuti zii, usayang'ane ine, yang'ana pansi, undipezere pogona."

Paison ankaseka, osadziwa kuti tsikulo lidzafikadi. Chaka china madzi osefukira atangophwa, injini ya Pedro inatsokomola kawiri n'kuti zii, ndege itadzaza. Pansi panali malo awiri: minda ya thonje ya anthu, ndi chigwa chimene madzi anasiya, chosalala, choyera mbee, chopanda ngakhale chitsa. Pedro anasankha chosalalacho, ndipo ndani akanamudzudzula? Ali m'mwambamo sakanadziwa zimene aliyense wobadwira m'mphepete mwa Shire amadziwa, kuti matope a mtsinje umenewu amauma khungu lapamwamba lokha, pansi pake pali phala. Matayala anamira, mchira unadzuka, ndege inagudubuzika n'kugona chamsana. Paison anathamanga akutitimira mpaka m'mawondo, koma pamene ankafika Pedro anali atasiya kale kupuma. Chimene chinamudya mtima zaka zonse zotsatira n'chakuti nthawi yonse imene ndege inkafunafuna potera, iye anali ndi mbendera m'manja, ndipo anangoima kukamwa kuli yasa.

Pa nthawiyo n'kuti atakwatira kale Esinala, mkazi wachimang'anja wa mawu ochepa koma olasa, ndipo mwa mwambo wa kwa mkaziyo Paison ndiye anasamukira kumeneko ngati mkamwini. Nyumba inali pamalo a amayi ake a Esinala, munda unalinso wa Esinala, ndipo mwini mbumba anali a Symon, mlongo wake wamkulu. Mundawo unali pamtunda wautali umene madzi sankaufika, wopapatiza, woyambira panjira ya ngolo n'kukathera pamlambe. Nthaka yake inali yolimba moti khasu linkalira. Ana anayi anakulira mapira a m'munda umenewo, kuyambira Ethel, woyamba kubadwa. Ntchito ya mbendera inkabweretsa mchere ndi yunifolomu, koma chakudya chinkachokera m'manja mwa Esinala, ndipo mudzi wonse unkadziwa.

Kenako kunabwera kamakina koikidwa m'ndege momwemo, kamene kamaonetsa woyendetsa mzere popanda munthu pansi. Panalibe ndi mwambo wotsanzikana womwe. Anthu amene anaima kutsogolo kwa ndege zaka zonsezo anangouzidwa Lachisanu lina kuti nsungwi azisiye kusitolo ndipo Lolemba asabwere, basi. Paison anabwerera kumudzi ndi miyendo yozolowera kuthamanga koma yopanda kothamangira. Anayesa ulonda pagolosale ina ku Nchalo. Anamuchotsa chifukwa pozungulira ankapitirira mpaka kukalondera masitolo a eni ena. Anayesa geni ya nsomba zouma, kuzitenga kudambo panjinga kukagulitsa ku Ngabu, koma geni imafuna munthu wodikira, ndipo iye wogula akamayamba kunenerera n'kuti atamanga kale dengu. Anayesa kabaza, anayesa kuwotcha njerwa. "Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada," ankatero Esinala, koma mwamunayo ankamva ndi khutu limodzi, linalo lili kumwamba. Ndege ikalira, ngakhale ali pakati pa pemphero la chakudya, ankatuluka panja n'kuitsata ndi maso mpaka italowa kuseri kwa mitengo.

Zonsezo Esinala ankazipirira. Chimene sanathe kupirira chinachitika chaka china posachedwapa. Mapira akayamba kucha amafuna munthu wa pansanja kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, apo ayi mpheta zimabwera ngati mtambo n'kusiya mapesi okhaokha. Adzukulu anali kusukulu, Esinala mwendo unali utatupa, motero ntchito yoingitsa mbalame inagwera Paison. Tsiku lachinayi anamva kulira kwa injini yachilendo, yoimba mluzu, yosiyana ndi zonse zimene ankazidziwa. Anati angopita kamphindi kukaiona pabwalo la ndege la esiteti. Anabwerako dzuwa litapendeka, wosangalala ngati wachokera ku ukwati, n'kupeza theka la munda litayera. Chaka chimenecho banjalo linayamba mu Disembala kudya nyika, timizu ta kudambo tija anthu amakumba njala ikafika posauzana.

Chaka chotsatira, mbewu isanalowe pansi, Esinala anaitana a Symon. Anakhala pakhonde, Paison ataima chotsamira mzati poti kukhala kunamukanika.

"Achimwene, ndakuitanani kuti mukhale mboni," anatero Esinala. "Ine ndatopa kudya nyika ngati ndilibe munda. Bambo a Ethel awa ndakhala nawo zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu. Sanandimenyepo, samwa, sanandibweretserepo mkazi wina. Koma mapira a chaka chino akawonongeka chifukwa cha iwo ndi ndege zawozo, atenge chikwama chawo awoloke. Ndanenera pamaso panu kuti tsiku limenelo ndisadzabweze mawu."

A Symon, munthu woweta ng'ombe amene ankalankhula mwa liwiro la ng'ombe zakezo, anatembenukira kwa mlamu wawo. "Mwamva, alamu?"

"Ndabva, nkhabe vuto," anayankha Paison, Chisena chikumutuluka monga chinkachitira akachita mantha.

"Mapanga awiri avumbwitsa, alamu. Sankhani limodzi."

Paison anachitadi mantha. Kwa Mlolo anachokako ali mnyamata. Makolo anali atamwalira, ndipo pamene panali nyumba yawo mtsinje unali utadutsapo kawiri. Munthu wa imvi wobwezedwa kuchikamwini amafika kwawo ngati mlendo wopanda tsiku lobwerera. Komanso, tinene zoona, mkazi wakeyo ankamukonda, kungoti sanapezepo nthawi yokhala pansi n'kumuuza.

Mvula ya chaka chimenecho inabwera ndi ukali. Mu Malichi Shire inatuluka n'kutenga chimanga chonse cha m'minda ya kumunsi, ndipo pobwerera inasiya chigwa cha matope chotambalala kuyambira m'munsi mwa mudzi mpaka kudambo. Chimene chinatsala ndi mapira a pamtunda okha. Ethel anali atabwerera pakhomo ndi ana ake atatu banja litatha, motero pakamwa pofuna kudya panachuluka, ndipo munda umodzi umenewo unali nkhokwe ya chaka chonse.

Paison anakwera pansanja ngala zitangoyamba kulemera. Ndipo taonani, ntchito imene ankainyoza ija inamuyenera. Anamanga zingwe za zitini, anadula nsungwi yaitali n'kumangirira thumba loyera la feteleza, ndipo tsiku lonse ankathamanga nalo uku ndi uku, akukuwa, mpheta zili balalabalala. Anthu odutsa panjira ya ngolo ankaima kuti aonerere mkulu wa imvi akuthamangitsana ndi timbalame, koma mbalamezo zinamudziwa n'kusamukira kwa ena. Chovuta chinali m'mawa, pakuti inali nyengo yopopera nzimbe mankhwala ozikhwimitsa, ndipo ndege yachikasu inkadutsa pamwamba pa mudzi kasanu ndi kamodzi dzuwa lisanatenthe. Ikamadutsa Paison ankakumbatira mzati wa nsanja, mapazi akupondaponda okha. Anapirira milungu isanu. Esinala pobweretsa chakudya masana ankayang'ana ngala, n'kuyang'ana mwamuna wake, ndipo ndiwo zinayamba kubwera zotendera. Kunatsala masiku asanu ndi atatu kuti akolole.

Lachitatu limenelo mudzi wonse unali kumaliro kumudzi woyandikana nawo, ndipo Paison yekha ndiye anatsala chifukwa cha mbalame. Ndege inadutsa katatu bwinobwino. Ulendo wachinayi anaimva ikubwera yolemera, itangodzaza kumene, ndipo ili pamwamba pa dambo inatsokomola. Paison anaima. Inatsokomolanso, inalira pang'ono mobanika, kenako zii. M'chigwa monse munangomveka mphepo ikulira m'mapiko.

Anaona ndege ikupendeka pang'onopang'ono, mphuno ikuloza kuchigwa cha matope chija, chosalala, chouma pamwamba, chokongola kwa munthu wochiyang'ana ali kumwamba. Dzulo lake lomwelo ng'ombe ya a Symon inali itatitimira mmenemo mpaka pamimba, amuna asanu n'kuchita kuikoka ndi zingwe. Malo olimba m'dera lonselo anali amodzi okha, aatali, owongoka, oyang'ana kumene mphepo inkachokera, ndipo iye anali ataima pomwepo.

Musaganize kuti anaiwala mawu a pakhonde aja. Anawakumbukira onse, mpaka chikwama chomwe. Anayang'ana ngala zimene anazilondera milungu isanu, n'kutukwana m'Chisena, kutukwana ndege, woyendetsa, mtsinje ndi tsiku limene anawoloka. Akutukwana choncho miyendo inali itayamba kale. Analumphira m'mphepete mwa mtunda moyang'anana ndi matope, n'kugwedeza nsungwi chopingasa, pansipansi, uku ndi uku, chizindikiro chakale choti kuno ayi. Kenako anathamangira kumutu kwa munda, panjira ya ngolo, n'kuimika thumba loyeralo m'mwamba, nji, mlambe uli kumbuyo kwake kutali m'malo mwa mbendera yachiwiri.

Oyendetsa a masiku ano sanaphunzire za mbendera. Paison ankadziwa zimenezo, ndipo kwa kanthawi ndege inapitirizabe kulunjika kumatope. "Yang'ana kuno, mwana wa munthu iwe! Kuno!" anakuwa, ngati angamveke. Kenako phiko lakumanzere linatsika. Chinthu chija chinakhota mwaulesi, chikutaya mankhwala ngati utsi woyera kuti chipepuke, n'kubwera molunjika pamphumi pake, chili chete, chikukulirakulira. Paison anaima mpaka anaona nkhope ya munthu kuseri kwa galasi. Atatsimikiza kuti yagwira mzere anagwetsa nsungwi n'kudziponya kumbali.

Matayala anagunda nthaka yolimba n'kudumpha kamodzi, kenako ndege inalowa m'mapira. Phokoso lake linali la mapesi zikwizikwi akuthyoka nthawi imodzi. Inapita, inapita, ikumweta ndi mapiko onse awiri, liwiro likutha, mpaka inaima mphuno itatsala mapazi ochepa kugunda mlambe. Sinagudubuzike.

Woyendetsa anali mlendo wamfupi wa ndevu zofiirira, magazi akutsika pachipumi, ndipo lamba anachita kumumasula ndi Paison. Anamutsitsa n'kumukokera kumene mphepo inkachokera, kutali ndi fungo la mankhwala amene ankachuchabe pansi pa ndege. Sankamvana chilankhulo. Mlendoyo analoza matope, n'kuloza thumba loyera lija, n'kugwira dzanja la Paison ndi manja ake onse awiri, osalisiya mpaka galimoto ya ku esiteti inafika n'kumutenga.

Zimene ndege inasiya anamaliza ndi anthu. Pamaliro panatsala ofedwa okha. Khamu lonse linathamangira kumunda, ena panjinga, ena ana ali kumsana, aliyense akufuna kujambula pafoni, ndipo panalibe amene ankayang'ana pamene akuponda. Anthu omwewo amene amakalipa mbuzi ikadya tsamba limodzi la munda wawo! Mawa lake kunabwera thirakitala ndi lole kudzatenga ndegeyo, n'kudzitsegulira msewu wawowawo. Pomaliza anabwera alangizi a zaulimi, ananunkhiza ngala zotsalazo, n'kunena kuti mankhwala agwera munda wonse, munthu asadye, ngakhale nkhuku asaipatse.

Koma Paison anali atapulumuka, pakuti palibe amene anaona za mbendera zija. A Symon anabwera okha kudzamugwira paphewa. "Alamu, apa mulibe mlandu. Chakudza sichiimba ng'oma. Inu munali pamalo anu, tonse taona." Azimayi a kutchalitchi ankamumvera chisoni. Esinala, maso atatupa ndi kulira, anamutenthetsera madzi osamba. Chimene chinkafunika kwa Paison chinali chinthu chimodzi chopepuka, kutseka pakamwa.

Masiku atatu anayenda mudzi wonse ngati wataya chinthu. Pabawo ankamva amuna akuti woyendetsa uja ndi katswiri, wina n'kuti ayi, ndi wokhwima ameneyo. Zimenezo zinkamuyabwa, pakuti chinthu chachikulu chimodzi chimene anachita pamoyo wake chinali kupatsidwa kwa wina iye ali pomwepo. Ankatsegula pakamwa, n'kutsekanso, n'kunyamuka masewera asanathe. Koma chimene chinkamupweteka koposa chinali cha kunyumba. Esinala ankatemberera mlendo uja m'mawa ndi madzulo, ndipo temberero lililonse Paison ankadziwa mwini wake weniweni.

Loweruka anapita awiri kukadula mapesi otsalawo kuti awatenthe. Atadula mizere ingapo Esinala anaweramuka n'kuloza chigwa cha matope ndi chikwanje.

"Taonani malo onsewo, bambo a Ethel. Mbee, opanda mbewu ya munthu. Iye n'kusiya onsewo, n'kusankha chakudya cha adzukulu anga. Ndi munthu wotani ameneyo? Mulungu amuone."

"Sanasankhe iye," anatero Paison.

"Mwati bwanji?"

"Iye amapita kumatopeko. Ndinamuitana ndine. Ndinaima panjira ya ngolo apo ndi nsungwi, ndinamuonetsa mzere."

Atayamba sanathenso kuleka. Anafotokoza za kutsokomola kwa injini, za ng'ombe ya a Symon, za Pedro amene dzina lake sanalitchulepo pakhomopo chichitikire ngozi ija, akuyendayenda, akuonetsa ndi manja. Choipa kwambiri n'chakuti penapake nkhope yake inawala ndi kunyada, ndipo Esinala anaziona.

"Woyendetsayo dzina lake ndani?" anafunsa Esinala.

"Sindikudziwa."

"Nanga iye lanu akulidziwa?"

"Nkhabe, sakulidziwa."

"Munakumbukira zimene ndinanena pamaso pa achimwene?"

"Ndinakumbukira."

"N'kuimikabe nsungwiyo."

"Ndikanapanda kutero akanafa, mayi a Ethel. Ndipo ndege ina itabweranso mawa ndingaimikenso. Kukunamizani ndiye kwandikanika."

Esinala anakhala pansi pamapesi, chikwanje pamiyendo, n'kuyamba kulira mosatulutsa mawu. Paison anafuna kukhala naye pafupi, koma sanadziwe ngati akuloledwa, motero anapitiriza kudula.

Madzulo a tsiku lomwelo a Symon anamva nkhani yonse ataweramitsa mutu. Sanakweze mawu. Anati moyo wa munthu ndi waukulu, palibe angatsutse, koma mundawo sunali wa alamu kuti aupereke, ndipo ana amene adzagone ndi njala sanafunsidwe. "Chemwali, munanena nokha, ine ndinangokhala mboni. Mukubweza kapena ayi?" Esinala anayang'ana adzukulu ake amene ankasewera pabwalo, ndipo anati, "Sindibweza."

Lolemba m'mawa Paison analonga chikwama: malaya atatu, bulangete, Baibulo ndi lumo. Ethel ankalira m'nyumba, ndipo adzukulu anali atawapitikitsira kusukulu msanga. Atati anyamule, Esinala anatulukira n'kuchisenza pamutu, monga amachitira ndi mlendo aliyense pomuperekeza. Chimenecho chinamubaya Paison kuposa chigamulo chija. Pakhomo pamene anamangapo nyumba ziwiri ndi manja ake ankachokapo ngati munthu wodzacheza.

Operekeza a m'mudzimo amabwerera pamjigo. Atafika pamenepo Paison anaima n'kutambasula manja, koma Esinala anamudutsa osamuyang'ana, azimayi otunga madzi ali maso tong'o. Pasukulu anaimanso, ndipo anamudutsanso. Anafika pamsewu wa tala dzuwa litayamba kuluma, ndipo posakhalitsa minibasi ya ku Bangula inaima, kondakitala akukuwa.

"Takhuta, mayi a Ethel," anatero Paison pothokoza m'Chisena. "Bweretsani chikwamacho. Mutsale bwino."

"Kwanu kuja madzi aphwa?" anafunsa Esinala.

"Ayenera kuti aphwa."

"Dimba la malemu bambo anu lilipo?"

"Lilipo, kungoti lamera bango lokhalokha."

Esinala anatula chikwama n'kuchipereka kwa kondakitala. Kenako anamasula mtolo umene anabereka kumsana, umene Paison ankauyesa kamba wa paulendo, n'kuuperekanso. Munali makasu awiri opanda mipini, kathumba ka mbewu ya chimanga ndi zitenje zake.

"Pakhomo paja mwachokapo, mawu anga sanagwe pansi," anatero. "Ndipo musaganize kuti ndakukhululukirani. Njala ikadzaluma mu Januwale ndidzakukumbutsani m'mawa ndi madzulo, ndiye sindingakukumbutseni muli tsidya lina. Kwerani, mukuchedwetsa anthu."

Paison anakwera. Esinala, amene chibadwire sanagonepo sabata yathunthu kunja kwa mudzi wa amayi ake, anakhala pawindo n'kuyang'ana kutsogolo. Misozi inkatsika, osaipukuta, ndipo sanacheuke mpaka ku Bangula.